Chikole cha m'Tsitsi la Zelipa

Mu ufumu wa Mwinindani, chinsinsi chinali nkhani imene aliyense akuidziwa koma palibe woitchula. Chachikulu pa zonse chinali chakuti Mfumu Ndayambandine Wachitatu inali mkamwini. Mpando waufumu, nyumba yachifumu, ngakhale nkhanga zoyendayenda pabwalo, zonse zinali za kuchikazi, kwa Mfumukazi Nankhoma, pakuti m'dzikomo wokwatira mwana wamkazi wa banja lachifumu ndiye ankavala chisoti. Mfumuyo inabwera pa njinga ili mnyamata, ikugulitsa singano ndi ulusi. Koma munthu akakhalitsa pa mpando amayamba kuganiza kuti anabadwira pomwepo. Mfumu inaiwala za njinga, ndipo anthu anaithandiza kuiwalako.

Zinsinsi zenizeni, zosadziwika ndi anthu, zinalipo ziwiri zokha. Choyamba chinali kapini kadzimbiri kamene mfumukazi inkakabaya pachifuwa cha chovala chilichonse, ngakhale chovala chonyezimira cha pa chikondwerero. Chachiwiri chinali cha Zelipa.

Zelipa anali woluka tsitsi pa msika wa Tamvakale, mtsikana wa zala zachangu ndi maganizo oyendayenda. Ankatha kuluka mutu wonse maso ali kumitambo. Moyang'anana ndi pamene ankakhala panali kanyumba ka malata ka Yotamu, mnyamata wamanyazi amene ankaika nyimbo m'mamemori kadi ndi m'mafulashi a anthu. Yotamu atamufunsira mbeta, Zelipa n'kulola, anamupatsa chikole. Atsikana ena ankalandira mipango, ndolo, ena mafoni. Zelipa analandira kafulashi kofiira, kochepa ngati chikhadabo.

"Usakatsegule mpaka tsiku la chinkhoswe," anatero Yotamu.

"Muli chiyani?"

"Muli chifukwa."

"Chifukwa cha chiyani, a Yotamu?"

"Chifukwa chimene ndinakufunsira."

Kuyambira tsikulo Zelipa sankayendanso pansi. Tsiku lina ankaganiza kuti muli nyimbo imene Yotamu anamupekera. Mawa lake ankati ayi, muli ndakatulo yotchula maso ake. Mkuja ankaona chithunzi cha nyumba ya khonde lalitali, ndi maluwa pakhomo. Mayi wina amene anadzalukitsa tsitsi anachoka ndi mizere yokhota ngati njira ya kudambo, koma sanadandaule, poti anthu onse pamsika ankadziwa matenda a Zelipa.

Amalume ake, a Chikadza, amene anali nkhoswe yake, anakatembenuzatembenuza kafulashiko m'dzanja n'kumubwezera.

"Ndachiona. Chikole cha masiku ano chilibe ndi fungo lomwe, koma ndi chikole. Ndidzachionanso tsiku la chinkhoswe pamaso pa akuchimuna. Wobweza chikole wakana mwini wake, wotaya chikole wataya mwini wake. Ukadzabwera manjamanja, ine mphasa sindiyala."

Zelipa anaseka, poti ndani angataye mtima wake womwe?

Mwezi umenewo Nduna ya Umwini wa Nzeru, a Zonsenzanga, inabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja ndi suti yatsopano ndi mawu atsopano. Zimene zinakambidwa m'bwalo la nduna zinafika pamsika nduna zisanadzuke pamipando, monga mwa dzina la msikawo.

"Mfumu yanga," anatero a Zonsenzanga, "kunja kuli chiphaso chotchedwa patenti. Munthu akatulukira chinthu, boma limalemba kuti nzeruyo ndi yake, ndipo wina sangachipange kapena kuchigulitsa asanamugwadire."

"Nanga ine ndinatulukira chiyani?" inafunsa mfumu.

Ndunayo inatulutsa fulashi m'thumba n'kuikweza ngati m'busa wokweza buku. "M'kati mwa aka muli tizipinda tochuluka kuposa nyerere za m'dziko lanu. M'kachipinda kalikonse mumatsekeredwa kamphamvu ka magetsi, ndipo kakatsekeredwa sikatuluka, kaya magetsi ayake kaya azime. Kukumbuka kwake ndi kumeneko."

Mfumu inasisita chibwano.

"Kutsekera m'kachipinda, osatulukamo," inatero pang'onopang'ono. "Zimenezo ndinayamba ndine."

Nduna zonse zinaomba m'manja, makamaka zimene zinalowapo m'tizipinda ta kundende. Nduna imodzi yokalamba, imene inkagona pamisonkhano ndipo inadzidzimuka ndi phokosolo, inafunsa za anthu a kutsidya aja amene akuti ndiwo anapanga fulashi.

"Anabwera kudzalembetsa kuno?" anafunsa a Zonsenzanga.

"Sindinawaone."

"Ndiye sanatulukire kanthu. Gonani, akuluakulu."

Lamulo linalembedwa tsiku lomwelo. A Zonsenzanga anati patenti yabwino imafunika kukhala ngati chitenje chachikulu, chophimba ponseponse, choncho sanalembe mawu akuti fulashi. Analemba kuti kanthu kalikonse kosunga chikumbukiro magetsi atazima ndi nzeru ya Mfumu Ndayambandine Wachitatu, ndipo kabwezedwe kwa mwini wake, kapena kadindidwe ndi Chidindo Chachikulu cha Ufumu.

Chidindocho chinali chachitsulo, cholemera ngati mtondo wauwisi, ndipo chinkanyamulidwa ndi asilikali awiri. Woyamba kukadinditsa anali bambo wogulitsa nkhuku. Anabwerera pamsika ali ndi kapepala kopindidwa bwino, n'kukatsegula pamaso pa anthu. M'katimo munali ufa wakuda.

"Yanga tsopano ndi yovomerezeka," anatero. "Muli nyimbo za kwaya zokhazokha. Ndikaika m'phala mwina ndizimva m'mimba."

"Nanga mutu wangawu?" anafunsa mayi wa pa zigege. "Ine ndimakumbuka zinthu ndi mumdima momwe."

"Tsitsani mawu, mayi. Angakumveni a chidindo."

Anthu a ku Mwinindani ndi omvera malamulo. Pofuna kupulumutsa mitu yawo, anayamba kuiwala. Magetsi akangozima, ndipo ankazima kawirikawiri, munthu sankakumbukanso mawu a nyimbo yotamanda mfumu, ankangong'ung'udza. Galimoto za mfumu zikamadutsa, palibe ankakumbuka kuti amagwada ndi bondo liti. Ana asukulu anati lamulo labwino chotere silinaonekepo. Amuna ena anaiwala njira ya kwawo, koma akazi awo, amene analibe mantha ndi chidindo, anawakumbutsa.

Kanyumba ka Yotamu anakasesa asilikali. Iye anayesa kugulitsa nyimbo pakamwa: munthu ankabwera, kutchula nyimbo, Yotamu n'kumuimbira pakhutu. Ntchitoyi inatha msanga, chifukwa mawu a Yotamu anali ngati chitseko chosathiridwa mafuta. Zelipa atawamva anapemphera chamumtima kuti m'kafulashi muja mukhale ndakatulo.

Tsiku lina masana Yotamu anabwera pamene Zelipa ankatsuka zipeso. Anayang'ana uku ndi uku.

"Kaja kali kuti?"

"Kali pabwino."

"Zelipa, ukataye. Ukaponye m'chitsime chakale chija."

Zelipa anaika chipeso pansi. "Mukundikana?"

"Ayi, ayi. Ndikupatsa china. Mpango."

"Amalume anaona kofiira. Mukufuna ndikawaonetse mpango, aziti ndili ndi amuna awiri?"

Yotamu anapukuta thukuta pamphumi. "Ndiye ukagwidwa, bola akadinde. Chilichonse chichitike, koma asakatsegule pagulu."

Anachoka asanayankhe funso lina. Zelipa anatsala mtima ukugunda mokoma. Ndakatulo yotani imeneyi, yoti mwini wake akuopa kuti anthu angaimve? Madzulo ake anamasula tsitsi lake n'kuliluka mwatsopano, ndipo kafulashiko anakalukira m'kati mwa chingwe cha kuseri kwa khutu lamanzere. Asilikali ankapisa m'madengu, m'mabokosi, ngakhale m'matumba a ufa, koma m'mutu mwa woluka tsitsi palibe anaganizamo.

Chinkhoswe chili pafupi, kunyumba yachifumu kunakonzedwa chikondwerero cha Tsiku la Nzeru za Mfumu. Woluka wa mfumukazi anatupa dzanja, ndipo mthenga anabwera pamsika kudzafunsa woluka wodziwa. Zala zonse zinaloza Zelipa. Kukana kunali kosatheka. Anatenga zipeso zake n'kutsatira mthengayo, akudziuza kuti palibe chodetsa nkhawa.

Pachipata panali msilikali ndi kandodo kamene kamalira kakayandikira chitsulo. Kanadutsa m'miyendo, zii. Kanadutsa m'chiuno, zii. Katafika pa khutu lamanzere kanalira ngati mwanapiye wotayika.

"Ndi ndolo," anatero Zelipa.

"Simunavale ndolo, achemwali."

"Kapena ndi maganizo. Masiku ano ndili nawo olemera."

Msilikaliyo anali ndi alongo ake, ndipo ankadziwa kumasula tsitsi. Kafulashi kofiira kanagwera m'dzanja lake.

Mlandu sunachedwe, chifukwa mfumu ndi nduna zinali zitakhala kale pabwalo, zikuyeserera kuomberana m'manja za mawa. Asilikali anakamugwiranso Yotamu n'kubwera naye. A Zonsenzanga anakondwa ngati mlenje amene nyama yamupeza pakhomo.

"Tikatsegule," anatero. "Bwalo limve chimene anthu awa anabisira mwini nzeru."

Anakalowetsa m'makina aakulu olumikizidwa ku masipika a chikondwerero, amene ankamveka mpaka kumsika. Yotamu anatseka maso, milomo ikuyenda. Zelipa, ngakhale anali ndi mantha, anatchera khutu, pakuti chinsinsi chimene anachilota nthawi yonseyi chinali pakhomo. Mlembi wa bwalo anatambasula chala kuti adine batani.

Magetsi anazima.

Nduna ya Magetsi inayang'ana pansi modzichepetsa, ngati munthu amene akuyamikiridwa pa ntchito yake ya masiku onse.

"Basi, kadindeni," inatero mfumu, imene inali ndi njala.

Asilikali awiri anakweza Chidindo Chachikulu. Yotamu anapuma mozama ngati wapulumuka. Koma Zelipa anaona mphasa ya a Chikadza ikupindidwa m'maso mwake, ndipo anadziponya pansi, n'kuphimba kafulashiko ndi manja ake onse awiri.

"Mfumu yanga, dindani manjawa. Ichi ndi chikole changa. Chikaphwanyika, chinkhoswe changa chatha."

"Chikole?" A Zonsenzanga anayandikira, maso akuwala. "Tandiuza, mtsikana iwe. Chikole chimagwira ntchito yanji?"

"Chimakumbutsa munthu amene anamulonjeza."

"Chimafuna magetsi?"

"Ayi, bwana."

"Ngakhale mumdima chimakumbutsabe?"

"Makamaka mumdima," anatero Zelipa, nkhope ikutentha.

Ndunayo inatembenukira ku mpando, manja ali m'mwamba. "Mfumu yanga, taonani kutalika kwa nzeru zanu. Kanthu kosunga chikumbukiro magetsi atazima. Chikole chilichonse m'dziko muno chili m'patenti yanu. Munatulukiranso chikole osadziwa."

Mfumu inaiwala njala. "Ndimadabwa kuti mutu ukundilemera bwanji masiku ano," inatero. Inaimirira n'kulamula kuti zikole zonse za mu ufumu wa Mwinindani, zakale ndi zatsopano, zibwezedwe m'dzanja lake. Ndipo pofuna kuti mawuwo akome, inatambasula dzanjalo.

Apo n'kuti mfumukazi italowa. Atsikana ake anali atayimasula tsitsi kuyambira m'mawa kudikira woluka, ndipo tsopano linali litaima mbali zonse ngati chitsamba, chipeso chili chobayika pakati. Inabwera kudzafunsa amene wagwira woluka wake, koma lamulolo inalimva ili pakhomo. Inayenda pang'onopang'ono mpaka patsogolo pa mpando.

"A Filimoni," inatero.

Dzinalo linali lisanamveke m'nyumbamo kuyambira masiku a njinga. Nduna zina zinayang'anana kufuna kudziwa Filimoni ndani. Zitaona nkhope ya mfumu zinadziwa.

"Mwati zikole zonse zibwezedwe?"

"Mayi, izi ndi za boma."

"Ine ndine womvera boma." Mfumukazi inagwira pachifuwa, n'kumasula kapini kadzimbiri kaja. "Aka munandipatsa pansi pa mtengo wa bwemba, njinga itatsamira pa tsinde. Sikanafunepo magetsi. Landirani."

Panalibe mwana wa ku Mwinindani wosadziwa tanthauzo la chikole chobwezedwa, ndiponso panalibe wosadziwa kumene mkamwini amapita ukwati ukatha. Nduna yokalamba ija, imene inali maso tsopano, inanong'oneza mnzake kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Dzanja la mfumu linabwerera msanga ngati lakhudza mbaula. Inalibisa kumbuyo. Mfumukazi inazungulira kumbuyoko. Mfumu inalibisa m'khwapa. Potsiriza inakhala pa mpando n'kukhalira manja onse awiri, chifukwa chikole sichinabwezedwe ngati mwamuna sanachilandire.

"Njinga yanu ilipo," inatero mfumukazi mofatsa. "Ndimaiika mafuta chaka ndi chaka. Ndiuze anyamata apope matayala?"

"Mayi, tikambirane kunyumba."

"Kunyumba kwa yani?"

Mfumu inatsokomola. Inayang'ana kapiniko, inayang'ana Zelipa ali chigwadire ndi manja pa kafulashi kake, kenaka inayang'ana a Zonsenzanga nthawi yaitali.

"Lamuloli," inatero, "ndinayamba ndine kuona kuti ndi lopusa."

Nduna zinaomba m'manja mwamphamvu kuposa kale. Mfumu, manja ikadawakhalirabe, inalengeza kuti yatulukira nzeru yatsopano, yakuti munthu aliyense azisunga zake, ndipo chifukwa cha mtima wake wabwino ikupereka nzeruyo kwa anthu ake mwaulere. A Zonsenzanga anawakweza kukhala Nduna ya Mitambo, ndi lamulo loti asabwere kubwalo asanadinde mtambo umodzi.

Pomwepo magetsi anayaka, masipika n'kuyamba kulira. A Zonsenzanga, poyesa kupulumutsa kenakake, anati popeza makina adzuka, bwalo likhoza kumvabe zimene zili m'kafulashimo. Yotamu anatsamira khoma.

"Chikole cha mwana wa eni sichitsegulidwa pabwalo," inatero mfumukazi, ikubaya kapini kake pamalo pake. "Tiye, mwanawe. Mutu wanga wadikira mokwanira."

Zelipa analuka mutu wachifumu masana onsewo, ndipo aka kanali koyamba kuluka maso ali pa ntchito. Ali pakati, mfumukazi inafunsa kuti m'kafulashimo muli chiyani.

"Sindidziwa, mayi. Anati nditsegule pa chinkhoswe."

"Usayembekeze zambiri," inatero mfumukazi, ikukhudza kapini kake. "Ine anandiuza kuti ndi siliva."

Chinkhoswe chinachitika pa tsiku lake. A Chikadza anayala mphasa, anaona kofiira kaja pamaso pa akuchimuna, n'kugwedeza mutu. Nkhuku zinasinthanitsidwa, akazi analuluta, ndipo anthu anavina nyimbo za m'mafulashi amene anatuluka m'malo odabwitsa: m'zidendene za nsapato, m'zisa za nkhunda, ina m'kati mwa ndodo ya m'busa. Zinaoneka kuti mu ufumu wonse amene anadinditsa anali wa nkhuku yekha.

Dzuwa likupendeka, Zelipa anakokera Yotamu kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa magwafa.

"Lero ndi lero," anatero.

Yotamu anatulutsa kawayilesi ndi tomvetsera ta m'makutu. Kamodzi anaika m'khutu la Zelipa, kena m'lake. Zelipa anatseka maso, kudikira ndakatulo.

Anamva phokoso la msika. Nkhuku, mabelu a njinga, mafuta akulira m'chiwaya. Kenaka mawu a mtsikana, atawakulitsa ngati a mwamuna wonenepa: "Ine Ndayambandine Wachitatu, amene ndinatulukira mvula, ndi matope omwe, ndikulamula kuti kuyambira lero mbuzi zonse zizindipatsa moni. Ndipo aliyense wotchula njinga yanga, kaya mawu akuti mkamwini…"

Zelipa anatsegula maso. Mawuwo anali ake. Anakumbuka tsikulo, kalekale, akuseketsa amayi amene ankadikira kulukidwa. Anakumbukanso masipika aja, omveka mpaka kumsika, ndi chala cha mlembi.

"A Yotamu, mukanandimangitsa."

"Ndinkayesa makina atsopano ojambulira mawu. Ndinali ndisanakulankhulepo."

"Chifukwa chake ndi chimenechi? Munandifunsira poti ndimanyoza mfumu?"

"Dikira. Mvetsera kumapeto."

M'khutu mwake mtsikana uja analephera kumaliza lamulo lake. Mawu aakulu aja anasweka, ndipo kunatuluka kuseka, kuseka kwa munthu amene wagwira m'mimba, kokwera n'kutsika n'kukweranso, mpaka msika wonse unaseka naye. Zelipa anali asanadzimvepo akuseka. Anamvetsera mpaka kunati zii, kenaka anayang'ana Yotamu, amene ankayang'ana magwafa ngati ndi koyamba kuwaona.

"Bwezerani," anatero motsitsa mawu.

Atamva kachiwiri, anazula kafulashiko, anamasula chingwe cha kuseri kwa khutu lamanzere, n'kuyamba kukalukiramo.

"Lamulo linatha, Zelipa. Ukubisiranji?"

"Mfumu sinathe."

"Nanga ana akadzafunsa kuti muli chiyani?"

Zelipa anamanga nsonga ya tsitsi, n'kuyisisita kuti igone.

"Tidzawauza kuti ndi siliva."